Ufumu wa Mulungu: Nkhani Imene Inapachikitsa Yesu

Aroma akamapachika munthu, ankalemba mlandu wake pakathabwa kuti aliyense wodutsa adziwe chimene chamuphetsa, atengerepo phunziro. Mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino amagwirizana kuti pamtanda wa Yesu wa ku Nazarete panalinso kathabwa kotere, ndipo kankamutchula kuti mfumu ya Ayuda. Kuchiritsa odwala ndi kudalitsa ana sikukanamuvutitsa mutu Pontiyo Pilato, bwanamkubwa amene analamulira Yudeya kuyambira chaka cha 26 mpaka 36. Chimene chinamulowa m'khutu chinali mawu akuti ufumu. M'dziko limene mwini wake anali Kaisara Tiberiyo, mawu amenewo ankanunkha kuukira boma.

Yesu anali atayenda nawo mawuwa m'kamwa kuyambira pachiyambi. Marko amafotokoza kuti ulaliki wake woyamba ku Galileya unali wolengeza kuyandikira kwa Ufumu wa Mulungu. M'mabuku a Mateyu, Marko ndi Luka, ufumu umenewu umatchulidwa maulendo oposa 70. Liwu lachigiriki lotanthauza mpingo, limene Akhristu a lero salekana nalo, limapezeka katatu kokha m'mabuku onse anayi, ndipo katatu konseko ndi mu Mateyu. Wowerengera bwino sangakane kuti mutu wa chiphunzitso cha Yesu unali ufumu.

Apa wolankhula Chichewa ali ndi mwayi umene mwina sauzindikira. Liwu lachigiriki lakuti basileia, komanso lachiheberi lakuti malkuth, sililoza kwenikweni dera lokhala ndi malire. Limanena za udindo ndi ulamuliro wa mfumu. Liwu lathu lakuti ufumu limayendanso chimodzimodzi. Munthu amalowa ufumu, amalongedwa ufumu, mwina nkulandidwa ufumu, ndipo abale akamakanganirana ufumu aliyense amadziwa kuti akulimbirana mpando. Malo timawatcha mudzi kapena dera. Chitsanzo chili pafupi: Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, koma pamwambo wa Kulamba mu Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amapita kukamulambira. Pamapu palibe dziko lolembedwa dzina lake. Ufumu wake umaoneka pamene pali anthu omumvera. Mawu akuti Ufumu wa Mulungu amanena chinthu chotero: Mulungu akulamulira, ndipo zofuna zake zikuchitika.

Chimene chimasokoneza ambiri ndi Mateyu. Iye yekha ndiye amakonda kulemba kuti Ufumu wa Kumwamba, maulendo oposa 30, pamene anzake akulemba kuti Ufumu wa Mulungu. Ukaika fanizo la mbewu ya mpiru la mu Mateyu 13 pambali pa la mu Marko 4, umaona kuti nkhani ndi imodzi, changosintha ndi liwu limodzilo. Akatswiri ambiri amati Mateyu, polembera Ayuda anzake, ankatsata mwambo wawo wopewa kutchula dzina la Mulungu mwachisawawa, monga mkamwini waulemu satchula apongozi ake ndi dzina. Koma chifukwa cha liwu lakuti kumwamba, ufumuwu wasanduka nkhani ya pamaliro basi, malo amene malemu apita. Chiyembekezo cha moyo wa mtsogolo nchachikhristu ndithu, ndipo anamfedwa amafunika kuchimva. Komabe Pemphero la Ambuye, limene ngakhale ana a Sande sukulu amaliloweza, limapempha kuti ufumuwo ubwere kuno ndi kuti chifuniro cha Mulungu chichitike pansi pano. Kumapeto kwa buku la Chivumbulutso nakonso mzinda woyera ndiwo ukutsika kudzakhala ndi anthu.

Anthu amene ankamvera Yesu anali ndi mbiri yaitali yowawidwa ndi mafumu. Buku la 1 Samueli chaputala 8 limasimba kuti Aisraeli atapempha mfumu kuti afanane ndi mitundu ina, Samueli anawachenjeza kuti mfumuyo idzatenga ana awo aamuna kukhala asilikali, ana aakazi kukhala ophika, ndiponso minda yawo yabwino kugawira nduna zake. Zinachitikadi. Kenako kunabwera eni mphamvu ochokera kunja: Ababulo anagwetsa Yerusalemu cha m'ma 586 Khristu asanabadwe, Aperisiya ndi Agiriki anatsatira, ndipo m'chaka cha 63 Khristu asanabadwe kazembe wachiroma Pompey analanda mzindawo. M'masiku oterewa buku la Danieli linkawerengedwa ndi mtima wonse, makamaka loto la fano lalikulu la golide, siliva, mkuwa, chitsulo ndi dongo, limene linaphwanyidwa ndi mwala wosasemedwa ndi manja a munthu. Mwalawo unali ufumu umene Mulungu adzakhazikitse.

Ena sanafune kungodikira. M'chaka cha 6, Yesu ali mwana, Aroma anachititsa kalembera wa msonkho ku Yudeya, ndipo Yudasi wa ku Galileya anautsa chipolowe pophunzitsa kuti wolamulira Ayuda ndi Mulungu yekha. Anaphedwa, omutsatira nabalalika, monga buku la Machitidwe limakumbutsira. Choncho mmisiri wa matabwa wa ku Nazarete atayamba kulankhula za ufumu, panali ena amene anaganiza kuti nthawi yonola malupanga yafikanso.

Zimene anamva zinali zina. Yesu sanapereke tanthauzo la ufumuwu m'chiganizo chimodzi. Anaufotokoza m'mafanizo a kumunda, kukhitchini ndi kunyanja. Anaufanizira ndi kambewu ka mpiru. Wowerenga wa kuno akhoza kudabwa kuti mbalame zingamange bwanji zisa mu mpiru, ndiwo za m'dimba zosafika ndi m'bondo momwe, koma mtundu wa mpiru womera ku Galileya umatalika kuposa munthu. Anaufaniziranso ndi chotupitsa buledi chimene mayi anasakaniza mu ufa wa miyeso itatu, ufa wodzaza ndowa, wokwanira kudyetsa anthu pafupifupi 100. Kachinthu kochepa kamalowa mwakachetechete, ndipo pomadzazindikira mtanda wonse watupa. Kwa anthu amene ankayembekezera mwala wogwetsa Roma tsiku limodzi, mafanizo amenewa ayenera kuti anali ozizira ngati nsima ya dzulo.

Fanizo limene limaluma kwambiri ndi la mu Mateyu 20, ndipo aliyense amene anagwirapo ganyu amalimva m'mafupa. Mwini munda wamphesa analemba aganyu m'mamawa, anagwirizana nawo malipiro a tsiku, dinari imodzi. Anabwereranso pamsika kangapo kukatenga ena, omaliza nkuwalemba litatsala ola limodzi kuti aweruke. Madzulo anauza kapitawo kuti alipire onse mofanana, ayambe ndi omalizawo. Amene anapsa ndi dzuwa tsiku lonse anang'ung'udza, ndipo kunena zoona, ambiri a ife tikanang'ung'udza nawo. Koma palibe anaberedwa. Oyambawo analandira zimene anapangana, ndipo omalizawo, amene anaswera pamsika chifukwa chosowa wowalemba, anapita kunyumba ndi ndalama yogulira chakudya cha ana. Mu ulamuliro wa Mulungu, fanizolo likutero, mlingo wake ndi kukoma mtima kwa mwini munda. Maitanidwe a kuphwando a mu Luka 14 akuyenda njira yomweyo: olemekezeka atapereka zifukwa za minda, ng'ombe ndi ukwati, mipando inadzaza ndi osauka, olumala ndi akhungu otoledwa m'misewu. Yesu mwini ankadya ndi okhometsa msonkho ndi ena otchedwa ochimwa, ndipo machiritso ake ankawaloza ngati umboni wakuti ufumuwo wayamba kugwira ntchito.

Nanga wafika kale kapena ukubwera? Funso limeneli lagawa akatswiri kwa zaka zoposa 100. M'chaka cha 1892 Mjeremani Johannes Weiss anatsutsa anzake amene ankati ufumu ndi makhalidwe abwino omwe anthu akumanga pang'onopang'ono. Iye anati Yesu ankayembekezera kuti Mulungu alowererapo mwadzidzidzi nkuthetsa dziko lakale. Albert Schweitzer anakuza ganizo lomweli mu 1906. Mu 1935 C. H. Dodd wa ku Britain anakokera mbali ina, nati mafanizo akusonyeza kuti ufumu unafika kale mwa Yesu. Onse anali ndi mavesi owaikira kumbuyo. Pa Luka 17, poyankha Afarisi, Yesu anagwiritsa ntchito liwu lachigiriki limene lingatanthauze kuti ufumuwo uli mkati mwa munthu kapenanso pakati pa anthu, ndipo omasulira Baibulo mpaka lero amasankha mosiyana. Koma Yesu yemweyo anaphunzitsa ophunzira ake kupempherera kubwera kwake.

Mipingo yambiri lero imagwira mbali zonse ziwiri, kuti ufumu unayamba koma sunakwanire. Mlimi savutika kumvetsa zimenezi. Mu Malichi banja limakhala likuotcha mondokwa ndi kuphika maungu, njala yayamba kutha, koma nkhokwe ikadali yopanda kanthu ndipo anankafumbwe, akuba ndi mvula yochedwa kusiya akhoza kuwononga zambiri. Zokolola zilipo kale, kukolola sikunafike. Nchifukwa chake Mkhristu angathe kunena kuti Khristu ndi mfumu kwinaku akuchokera kumanda kapena pamzere wa kuchipatala, osadzitsutsa.

Mbiri ikusonyeza kuti kutsamira mbali imodzi kumavulaza. Mu 1534 gulu lina linalanda mzinda wa Münster ku Germany nkuutcha Yerusalemu watsopano. Mtsogoleri wawo Jan van Leiden anadzilonga ufumu, anakwatira mitala, ndipo chaka chotsatira zonse zinathera m'magazi. Ku America otsatira mlaliki William Miller anadikira kubwera kwa Khristu pa 22 Okutobala 1844, ena atasiya minda osakolola, koma kunacha ngati masiku onse. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anali atachenjeza kale za msampha wina: mzinda wa Roma utafunkhidwa mu 410, Akhristu ambiri anaona ngati Mulungu wagonja, ndipo iye analemba buku lalikulu losonyeza kuti mzinda wa Mulungu sumangiriridwa ku boma lililonse la anthu. Masiku ano msampha wavala suti. Alaliki ena amagulitsa ufumu ngati chiphaso cha galimoto ndi nyumba yosanja, pamene Yesu anati wolemera adzavutika kwambiri kuulowa.

Kuno kwathu mawuwa anagwedezanso boma. Elliot Kamwana, Mtonga amene anaphunzira kwa amishoni a Livingstonia, anakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town nkubwerera kwawo mu 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower. Analalikira m'dera la Nkhata Bay kuti mu 1914 ufumu watsopano udzafika, ndipo msonkho wa nyumba ndi ulamuliro wa atsamunda zidzatha. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Mfuti analibe, koma boma la atsamunda linamugwira mu 1909 nkumuchotsa m'deralo, ndipo analoledwa kubwerera kwawo mu 1937. Patapita zaka, a Mboni za Yehova, amene amakhulupirira kuti ufumu ndi boma lenileni lakumwamba lolamulidwa ndi Khristu kuyambira 1914, ndipo malo awo opemphereramo amawatcha Nyumba ya Ufumu, anakana kugula makadi a chipani cholamula. Analetsedwa mu 1967, ambiri anamenyedwa ndi kuotcheredwa nyumba, zikwi zinathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, mpaka chiletso chinachotsedwa mu 1993. Munthu akhoza kusagwirizana ndi kawerengedwe kawo ka zaka, koma mtengo umene analipira sungapeputsidwe.

Mipingo ina inatenga njira yosiyana. Kwa iyo, ngati Mulungu ndiye mfumu, ndiye kuti malipiro a wantchito, mankhwala m'chipatala ndi ufulu wolankhula ndi nkhani zake. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika yodzudzula kusowa chilungamo m'dziko inawerengedwa m'matchalitchi awo onse, boma linaitcha youkira, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri. Wina anakana ndale chifukwa cha ufumu, wina analankhula kwa andale chifukwa cha ufumu womwewo. Mfundo imene onse anagwirizana ndi yakuti wolamulira wa padziko ali ndi womuposa.

Mpingo nawo suli pamwamba pa mfundoyi. Msonkhano waukulu wa Vatican wachiwiri unanena mu 1964 kuti mpingo ndi mbewu ndi chiyambi chabe cha ufumu. Tchalitchi likhoza kudzaza, kwaya nkuimba mokoma, koma wamasiye akulandidwa katundu ndi akuchimuna amene ali pabenchi lakutsogolo.

Papa Pius XI anakhazikitsa chikondwerero cha Khristu Mfumu mu 1925, Mussolini akulamulira Italy, ndipo lero chimachitika Lamulungu lomaliza la chaka cha mpingo, kumapeto kwa Novembala. Mawerengo a tsikuli amasinthana pa zaka zitatu. Chaka china ndi Mateyu 25, pamene mfumu ikuweruza mitundu pofunsa amene anadyetsa anjala, kulandira alendo ndi kuzonda odwala ndi akaidi. Chaka china ndi Yohane 18, Yesu ali womangidwa pamaso pa Pilato, akufotokoza kuti ufumu wake suchokera kuno, nchifukwa chake anyamata ake sanamenye nkhondo. Chaka chachitatu ndi Luka 23, ali pamtanda pansi pa kathabwa kaja, ndipo amene akupempha kuti akamukumbukire mu ufumuwo ndi chigawenga chopachikidwa pambali pake.