Za Mtengo wa Mmisiri wa Mipope

Tamva madandaulo akuti amisiri a mipope ya madzi, amene adzigwirira okha nchito, angochula mtengo monga afuna. Tiyeni tione mawerengedwe ao.

Mmisiri wolungama sachula mtengo ali pa mseu. Ayamba wafika pakhomo, nayesa utali wa mipope, naona ngati podonthapo pali poyera kapena m'kati mwa khoma. Pakuti kugumula khoma ndi kulimatanso ndi nchito ina. Pamenepo alemba papepala zigawo ziwiri. Coyamba ndico zipangizo: mipope, zolumikizira, guluu, ciri conse ndi mtengo wace wa kusitolo. Caciwiri ndico ca manja ace, ndipo m'menemo muli masiku a nchito, ulendo, ndi mnyamata wokumba ngalande. Zitsulo zace nazo zimatha, ngakhale ife sitiziwerengera.

Akapempha ndalama za zipangizo poyamba, si umbala ai. Ambiri alibe cuma coguliratu. Koma mufunse malisiti, ndipo zotsalazo mulipe madzi atayenda, osazengereza, pakuti kukaniza wanchito malipiro ace katekisimu akuika pakati pa macimo ofuulira kumwamba. Ndipo mukamkakamiza kutsitsa mtengo kopitirira, adzagula mipope yopyapyala, imene idzaphulikira pansi pa nthaka pomwe inu simuona.