Kungoti “chabeba” sikuphunzitsa munthu kujambula

Loweruka likakwana, mzinda wa Lilongwe umadzaza ndi ojambula zithunzi. Ena ali pakhomo la tchalitchi ku Kawale, ena m'maholo ku Area 25, ena pachinkhoswe ku Chinsapo, ndipo ena akuthamangira galimoto za akwati zomwe zikupita kokajambulitsa ku Botanic Garden kapena kuchipilala cha asilikali ku Area 18. Ambiri mwa iwo ndi achinyamata omwe sadalowepo m'kalasi ya zojambula. Wina adagula kamera yogwirapo kale ntchito, wina adatumiziridwa ndi mlamu wake wa ku Joni, winanso amangodalira foni. Sukulu yawo ndi imodzi basi: kuonetsa anzawo zomwe ajambula n'kumva zomwe anene.

Tsono vuto lagona pa zomwe anzawowo amanena.

Mnyamata akatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi, yankho lomwe amalandira kawirikawiri ndi lakuti “chabeba” kapena “ndiwe dolo”. Woyankhayo sadachione n'komwe chithunzicho, maso angodutsapo ngati mmene timaonera zikwangwani tili m'minibasi. Amalawife tidaleredwa kuti munthu sumuchititsa manyazi pamaso, ndipo ulemu umenewu ndi wabwino. Koma taganizani mnyamata uja, atamva kuti ndi dolo kwa miyezi itatu, akulandira ndalama za ukwati wa eni. Ukwati subwerezedwa. Mphete ikalowa pachala yalowa, abusa sangabwerere paguwa chifukwa choti chithunzi chatuluka mbuu. Akwati adzalira, adzamulengeza dera lonse, ndipo aja ankati “chabeba” sadzapezekapo pobweza ndalama.

Palinso ena, makamaka omwe adayamba kale ntchitoyi, amene amayankha ngati akuweruza mbava. Amayamba ndi kufunsa mtundu wa kamera, akamva kuti ndi foni kapena kamera yakale amaseka, n'kunena kuti izi si zithunzi. Nthawi zina pamakhala mantha pansi pa chipongwecho, poti wachinyamatayo mawa adzalimbirana nawo makasitomala. Munthu wonyozedwa chonchi saonetsanso ntchito yake kwa wina aliyense. Amapitiriza kulakwitsa payekha, kapena kamera ija imakathera pamsika.

Kale zinthu sizidali chonchi, ngakhale kuti sindikunena kuti zidali zophweka. Amene tidakula nthawi ya filimu tikukumbuka kameramani woyendayenda, kamera pakhosi, akuzungulira m'makwalala Lamulungu masana anthu atavala zakutchalitchi. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo munthu unkalipira theka n'kudikira mpaka filimuyo idzadze, akaitsukitse kusitudiyo m'tauni. Tsiku lobweretsa zithunzi lidali tsiku lachiweruzo. Ngati wakudula mapazi pamene iwe udajambulitsa n'cholinga choti nsapato zatsopano zioneke, unkakana kumaliza ndalama. Akakuuza kuti chithunzi chidapsa, ankayenera kukujambulanso ulere. Kulakwitsa kulikonse kunkamudya m'thumba, motero ankaphunzira msanga. Ndiye kudali alubamu. Mlendo akafika pakhomo ankapatsidwa alubamu kuti aziona podikira nsima, ndipo apo chithunzi chimodzi chinkayang'anidwa nthawi yaitali, anthu n'kumakambirana. Lero munthu amajambula zithunzi 400 pamwambo umodzi, koma palibe ngakhale chimodzi chomwe wina wachiyang'ana kwa mphindi yathunthu.

Choncho choyamba chomwe mungamuchitire mnzanu wokuonetsani chithunzi ndi kuchiyang'ana modekha. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenaka mufunseni kuti amafuna kuonetsa chiyani. Funso limeneli limaoneka lachibwana koma ndi lomwe limatsegula zonse. Wina wajambula mayi akugulitsa tomato pamsika wa Nsungwi. Ngati akuti amafuna nkhope ya mayiyo, mungamuuze kuti adaima patali, nkhope yasowa pakati pa maambulera ndi anthu odutsa. Ngati akuti amafuna kuonetsa piringupiringu wa msika, ndiye kuti kuima patali kuja adachita bwino, mwina chomwe chidasowa n'kukwera pamalo okwera. Chithunzi n'chimodzi chomwecho, koma malangizo asiyana. Wopereka maganizo asadafunse amakhala akukonza chithunzi chomwe iye akadajambula, osati chomwe chili patsogolo pake.

Mukamva cholinga chake, nenani zomwe diso lanu laona, mosazungulira. “Maso anga akuthamangira ku chidebe chofiira chili kumbuyocho asadafike pa mwanayu.” Mawu otere munthu angathe kuwagwiritsa ntchito mawa lomwe. Kumuuza kuti “sichikukoma” n'chimodzimodzi kuuza wodwala kuti sakuoneka bwino osamuuza kolowera.

Zolakwika zambiri za oyamba kumene n'zodziwika, ndipo kuno kwathu zili ndi maonekedwe akeake. Chachikulu ndi dzuwa. Lilongwe ali pafupi ndi pakati pa dziko lapansi, moti chakumapeto kwa Okutobala komanso mu Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Munthu wojambulidwa nthawi imeneyo maso amalowa mumthunzi ngati maenje, mphumi n'kumanyezimira thukuta. Tsoka ilo, nthawi yomwe akwati amatuluka m'tchalitchi ndi yomweyo. Wojambula sangasinthe pologalamu ya ukwati, koma angathe kupempha anthu kuti asunthire pansi pa mtengo kapena pakhonde, pomwe kuwala kumafika mofatsa. Ngati ali ndi fulashi, kuiyatsa masana kumachotsa mithunzi ya m'maso, chinthu chomwe ambiri sakhulupirira mpaka atayesa. Pa zithunzi zomwe munthu angasankhe yekha nthawi, m'mawa dzuwa likangotuluka ndi madzulo likapendeka ndi pomwe ngakhale fumbi la ku Chinsapo limasanduka lagolide.

China ndi zakumbuyo. M'madera mwathu nyumba n'zothinana, ndipo woyamba kumene amangoona munthu yemwe akumujambula, osaona kuti kumbuyo kuli chingwe cha zovala, bafa laudzu, kapena pholo lamagetsi lomwe pachithunzi lidzaoneka ngati lamera pamutu pa mkwatibwi. Mankhwala ake ndi kusuntha mapazi awiri kumanja kapena kumanzere. Nazonso zithunzi zina zimaoneka ngati zajambulidwa m'chifunga chabe chifukwa galasi la kamera ya foni lapakidwa mafuta a m'manja. Kulipukuta ndi kansalu kofewa kumathetsa nkhani. Ndipo musanamuweruze munthu kuti chithunzi chake n'chosaoneka bwino, funsani kuti chakufikani bwanji, poti WhatsApp imafinya zithunzi pozitumiza pokhapokha zikatumizidwa ngati fayilo.

Koma pali nkhani ina yomwe ndikufuna tikhalepo pang'ono, ya khungu lathu. Mkwatibwi wakuda bwino atavala diresi loyera ndi mayeso ovuta kwa kamera iliyonse. Kamera ikaona kuyera kwa diresi imachepetsa kuwala, nkhope n'kuda bii. Ukaionjezera kuwala kuti nkhope ioneke, diresi limasanduka pepala lopanda maluwa ake. Vutoli lili ndi mbiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lomwe padali chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina lakuti Shirley. Makina ankatcheredwa kuti khungu la mzunguyo lituluke bwino, ndipo la anthu akuda linkangotsatira. Omwe adafufuza mbiriyi amati zinthu zidayamba kusintha pamene makampani a mipando ndi a chokoleti adadandaula kuti katundu wawo wofiirira satuluka bwino pazithunzi zotsatsira malonda. Mipando idamveka msanga kuposa anthu. Masiku ano kampani ya Transsion ya ku China, yomwe imapanga mafoni a Tecno, Itel ndi Infinix, idatchuka mu Africa mwa zina chifukwa idakonza makamera ake poganizira khungu lakuda.

Ndatchula izi chifukwa achinyamata ambiri, pofuna kuthana ndi nkhope yakuda pachithunzi, amathamangira kuyeretsa munthu pakompyuta kapena pafoni mpaka mayi ake omubereka osamuzindikira. Khungu limasalala ngati la chidole, mtundu wake ngati wodzola mafuta oyeretsa. Anzake akaona amati chabeba. Apa ndi pomwe mnzake weniweni ayenera kulankhula: kuwalitsa nkhope kuti ioneke ndi ntchito ya wojambula, koma kusintha mtundu wa munthu ndi kumuuza mwakachetechete kuti mmene alili sizikukwanira. Ndikudziwa kuti makasitomala ena amapempha okha kuti awayeretse, ndipo mnyamata wofuna ndalama ya lendi sangakangane nawo. Komabe aziyamba waonetsa kasitomala chithunzi chomwe chili ndi khungu lake lenileni lowala bwino. Ambiri sadaonepo chithunzi chawo chotero.

Nawonso opereka malangizo asamatenge malamulo a m'mabuku ngati malamulo khumi a Mose. Mabuku amati kumbuyo kwa munthu kuzikhala kopanda zambiri. Koma Seydou Keïta wa ku Mali, yemwe adayamba ngati kalipentala n'kutsegula situdiyo yake ku Bamako mu 1948, ankaimika anthu ovala nsalu zamaluwa kutsogolo kwa nsalu inanso yamaluwa, pabwalo la nyumba, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Ankawabwereka wailesi, wotchi kapena njinga yamoto kuti ajambulitse nazo, monga mmene akameramani athu ankatiimikira pambali pa galimoto ya eni. Lero zithunzi zake zili m'nyumba zazikulu zoonetsera luso ku Ulaya ndi ku America. Mnzake wa mumzinda womwewo, Malick Sidibé, yemwe ankajambula achinyamata kumadansi, adalandira mphotho ya Golden Lion ku Venice mu 2007. Anthuwa ankajambula anansi awo kuti apeze chakudya, ngati mmene akuchitira mnyamata wa ku Biwi lero. Akadakumana ndi mlangizi woloweza buku, bwenzi atauzidwa kuti achotse nsalu ija.

Pali mafunso ena omwe sakhudza kuwala kapena kamera, koma mlangizi wabwino sawasiya. Wina akakuonetsani chithunzi cha ana osavala akusewera m'ngalande ku Mgona, chingakhale chokongola bwanji, mufunseni ngati makolo awo akudziwa, ndiponso kuti chithunzicho chikupita kuti. Anthu a m'madera osauka adatopa n'kujambulidwa ngati zinthu zoonetsa. Chimodzimodzi pamaliro, kapena gule wamkulu akatuluka. Guleyu adavomerezedwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, koma izi sizidachotse mphamvu za eni dambwe ndi mafumu. Wofuna kujambula amayamba wapempha. Kumuuza mnzanu zimenezi kungamupulumutse ku zambiri kuposa chithunzi choipa.

Inunso olangiza muli ndi malire anu. Chithunzi ndi cha amene adachijambula, ndipo lamulo la zaumwini wa luso la 2016, lomwe bungwe la Cosoma limayang'anira, limatetezanso zithunzi. Kutenga chithunzi cha mnzanu, kuchikonza mmene mukufunira n'kuyamba kuchionetsa kwa ena kuti aone kusiyana, popanda chilolezo chake, si kuphunzitsa. Mukafuna kumuonetsa mmene chingadulidwire, chitani ali pomwepo, pa foni yake. Ndipo musamukhuthulire zolakwika khumi tsiku limodzi. Sankhani chimodzi kapena ziwiri zomwe zikuononga kwambiri, zinazo zidikire ulendo wina. Chomwe wachita bwino mumuuzenso mwatchutchutchu, osati pofuna kumunyengerera, koma chifukwa woyamba kumene nthawi zambiri sadziwa kuti n'chiyani chidapangitsa chithunzi chake kukoma, ndiye sangachibwereze.

Kwa ojambula, wakutsina khutu ndi mnansi, koma sankhani womuonetsa. Mayi anu adzachikonda chilichonse. Lilipo bungwe la ojambula zithunzi la Photama, ndipo m'dera lililonse muli akuluakulu omwe adajambula maukwati kuyambira nthawi ya filimu. Ena mwa iwo angalole kuti muwanyamulire chikwama pamwambo umodzi kapena iwiri, mukujambula pambali popanda udindo wa zithunzi za akwati. Pofunsa, funsani chinthu chenicheni: “Nkhope izi zada chifukwa chiyani?” Funso lakuti “mwachiona bwanji?” limangoitana “chabeba” uja.

Pomwe thumba lalola, tsukitsani zithunzi zisanu kapena khumi papepala musadakhale pansi kukambirana. Galasi la foni limawala lokha, motero limabisa zambiri. Nkhope yomwe imaoneka bwino pafoni usiku imatha kutuluka yakuda papepala, ndipo papepalapo ndi pomwe akwati adzaionere akachiika m'felemu pabalaza. Yalani zithunzizo patebulo kapena pamkeka, masana, pamthunzi, aliyense atole chomwe chamukoka diso n'kunena chifukwa chake. Chomwe chatsala osatoledwa, mwini wake achitenge n'kufunsa anzake mmodzimmodzi kuti adachidumphiranji.