Munda Wolembedwa m'Kaundula Ungathe Kutayika

Abale anga achikumbe, ambiri a inu muganiza kuti munthu akalandira chikalata cha malo, munda wake sungamchokenso ngakhale ausiye tsala. Sizili tero ai, ndipo ndifuna ndikufotokozereni chifukwa chake.

M'chaka cha 1967 Boma la Malawi linakhazikitsa lamulo la kulemba malo m'kaundula, ndipo pambuyo pake minda yambiri ya mabanja m'dera la Lilongwe inapimidwa ndi kulembedwa. Lamulo lomwelo linanena kuti munthu amene wakhala akugwira malo olembedwa a mnzake zaka 12 angathe kupempha Mkulu wa Kaundula kuti amlembe iye kukhala mwini. Chiphunzitso chimenechi chinachokera ku malamulo a ku England, ndipo mutu wake ndi wakuti mwini wogona pa ufulu wake nthawi yaitali asadzadzuke ndi kusautsa amene anasamala nthaka.

Koma pali zinthu zinai zofunika. Munthuyo akhale atagwira malowo mwamtendere, osati molanda ndi nkhwangwa. Poyera, anthu onse akuona. Mosadukiza zaka zonsezo. Ndiponso popanda chilolezo cha mwini. Chifukwa chake tenanti wolima fodya pa esiteti, kapena mlamu amene munam'bwereka ndime ya chimanga, sangatenge malo mwa njira imeneyi, pakuti analowa mololedwa. Lamulolo linapatulanso malo a mafumu ndi malo a Boma: amenewo satengedwa motero.

Taganizani za munthu wopita kukagwira ntchito ku Joni. Mnansi wake alumpha malire, nalima mizere makumi awiri, nabzala nthochi, namanga chigafa. Palibe wolankhula. Zikakwana zaka 12, mnansiyo apita kukapempha, ndipo mwini auzidwa kuti akadziyankhire. Akasowa umboni wakuti anatsutsa kapena anabwereketsa, ndime ija yapita.

Tsono muchitenji? Yenderani miyala ya m'malire chaka ndi chaka musanayambe kugalauza. Mukabwereka munthu munda, lembani kalata ya pangano pamaso pa mboni, ndipo muisunge pamodzi ndi chikalata chanu. Mukaona wina walowa, musangodandaula pa mowa. Tengani malo anu msanga kapena kasumeni ku khoti, pakuti mlandu ukalowa, kuwerenga kwa zaka kuduka. Mukapita kutali, siyani mbale wokhulupirika ayang'anire.

Chikalata chisungidwa m'bokosi, koma munda usungidwa ndi maso a mwini.

Ndine mlangizi wanu.