Makina a khadi amatsatira dzanja la kasitomala

Abale anzanga a geni kuno ku Scarborough, tikambirane za kamakina ka khadi kamene timaika patebulo. Ambirife timangoyang'ana ndalama zimene kampani imadula, koma malo amene kamakinako kakhala nawonso amatidyera makasitomala.

Sikirini za masiku ano sizimva kukanikiza ayi. Zimamva timagetsi tochepa ta pakhungu la chala. N'chifukwa chake mu Januwale munthu wovala magolovesi amadina n'kudina, koma zii. Nzeru zake zina zinachokera konkuno: mu 1985 gulu la Bill Buxton pa University of Toronto linapanga kachipangizo kozindikira zala zingapo nthawi imodzi, iPhone isanabwere mu 2007.

Kugunditsa khadi kuja kumagwira pokhapokha khadi ifike pafupi kwambiri, masentimita ngati anayi basi. Opanga anaikapo kulira kwa "pii" ndi kakuwala kuti khutu ndi diso zikuuzeni kuti zatheka, osawerenga kalikonse. Kaimeni pa Kennedy Station m'mawa muone. Anthu amagunditsa Presto akuyenda, maso ali kwina, dzanja likudziwa lokha njira. Kuyambira 2023 TTC imalandiranso makhadi a kubanki, ndiye dzanja lomwelo likafika pa tebulo lanu limayembekeza changu chomwecho.

Kwathu n'zosiyana. Pa Airtel Money ndi *211#, pa Mpamba *444#, munthu amaima, kuwerenga, kusankha nambala, ndipo wogulitsa amadikira osadandaula. Chizolowezi chimenecho tisabwere nacho kuno.

Ndiye kamakinako muziika kumapeto kwa tebulo, koyang'ana wogula, osati kuseri kwa zitenje ndi mapaketi a ufa. Mayi amene wanyamula chikwama dzanja lina, lina akukankha mwana, asachite kuwerama kapena kutambasuka. Mawu ake musatseke, ngakhale akusokoseni. Pamsika wa panja nthawi yotentha, dzuwa likawomba pa sikirini manambala saoneka, kaikeni pamthunzi.

Katundu akapitirira $250, makhadi ambiri amafuna PIN. Apa wogula avula golovesi, ndiye pakhale poika chikwama. Inuyo bwererani m'mbuyo pang'ono, yang'anani kumbali. Achikulire ena manja amanjenjemera, ndipo mukawayang'anitsitsa amalakwitsa nambala. Akalakwitsa katatu khadi imatsekedwa, katundu n'kubwerera pa shelefu.