Digiri ndi mageti a ku Kalingalinga

Mu msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, mageti ndi mafelemu a mawindo amayedzamira m'mbali, moto wa owotcherera uli thethethe. Mnyamata wodzaphunzira ntchitoyi sagwira makina tsiku loyamba. Amayamba ndi kunyamula zitsulo, kuyeza ndi tepi, kudula, kupaka penti. Amamva bwana akunenerera mtengo ndi kasitomala, amaonanso mkangano umene umabuka geti likakana kulowa pampanda chifukwa wina anayeza mothamanga. Pofika powotcherera yekha, manja amakhala atazolowera.

Kuseri kwa komboni yomweyi kuli UNZA, yunivesite imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo chimene ophunzira amati attachment n'chomwechi basi. Wa uinjiniya amapita ku kampani kapena kumgodi. Wa uphunzitsi amakagwira choko pamaso pa ana enieni, omuphunzitsa n'kubwera kudzamuona. Wa udokotala wa ku Ridgeway amazungulira m'mawodi a chipatala cha UTH. Ngakhale wa zamalamulo, digiri ili m'manja, saimira munthu kukhoti asanadzere kusukulu ya maloya ya ZIALE.

Zimene amatola kumeneko sizibwera pamayeso: kufika bwana asanafike, kulemba lipoti lomveka, kufunsa usanadule. Wolemba ntchito akati, "Munagwirapo kuti?" akufunsa zimenezi.

Koma mnyamata wa mageti ali ndi mwayi umodzi: kuntchito amapita wapansi. Wophunzira wa ku Kanyama kapena ku George nthawi zambiri malo amadzifunira yekha, kalata ya kusukulu ili mu envelopu, ofesi ndi ofesi. Amene ali ndi amalume m'kati sachedwa kuyamba. Winayo akawapeza malowo, mwina kulibe malipiro, chonsecho basi ya m'mawa ndi madzulo ikufuna ndalama. Enanso amatha miyezi itatu akungotumidwa kukachita fotokope, kofanana ndi kumusunga mnyamata uja papenti mpaka kalekale.

Kuyambira mu 2017 olemba ntchito amalipira Skills Development Levy, 0.5 peresenti ya malipiro a antchito awo, yothandizira maphunziro a luso. N'zabwino, koma ndalama yopita ku bungwe la misonkho la ZRA siionetsa mwana kagwiridwe ka ntchito. Amamuonetsa ndi munthu woima pambali pake.

Ndiye inu a makampani, kalata ija ikafika musaiike m'dirowa. Mutengeni mwanayo, mupatseni ya basi, ndipo mumupatse ntchito yoti akalakwitsa mumudzudzule.