Zisudzo ndi nyimbo nazonso zili ndi digiri: nkhani yomwe sinafike mokwanira ku Chisemphere

Miyezi ya Malichi ndi Epulo ku Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, moyo umakhala m'zigafa. Fodya wina akusokedwa, wina wayamba kale kufiira pa mikangala, ndipo ana akaweruka kusukulu amakhala pansi ndi makolo awo kusankha masamba. Nkhani za tsogolo zimakambidwira pomwepo. Mwana wa Folomu 4 akati akufuna unamwino, uphunzitsi kapena zaulimi ku Bunda, bambo amavomereza ndi mutu. Koma angoyerekeza kutchula zisudzo kapena nyimbo, yankho limakhala lodziwikiratu: "Iwe mwanawe, ine ndivutike ndi nazale chaka chonse kuti iwe ukaphunzire masewera?"

Bamboyo sitingamudzudzule. Ndalama yake imadutsa m'manja ambiri isanafike m'thumba: ngongole ya feteleza, aganyu, jeke yodindira mabelo, thiransipoti yopita ku okushoni ya ku Chinkhoma. Yotsalayo safuna kuitaya. Chomwe sanauzidwe n'chakuti "masewera" amenewa akhala akuphunzitsidwa pa sukulu ya ukachenjede m'dziko muno kwa zaka zoposa 40, ndipo mbali ina ya mbiri yake inalembedwa m'midzi yofanana ndi wakewo.

University of Malawi inakhazikitsidwa mu 1964. Nthambi yake ya Chancellor College, yomwe ambiri amangoti Chanco, inayambira ku Chichiri mumzinda wa Blantyre kenako n'kusamukira ku Zomba mu 1973. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kolejiyi inatsegula dipatimenti ya Fine and Performing Arts, yophunzitsa zisudzo, nyimbo ndi zojambulajambula. Mu 2021 makoleji atagawidwa, Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu za madokotala ndi anamwino zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chanco inatsala ndi dzina la University of Malawi. Maphunziro a luso anatsalira komweko ku Zomba.

Koma kodi munthu amaphunzira chiyani zaka zinayi zonse? Wa zisudzo sathera pa kuseketsa anthu. Amaphunzira kulemba sewero, kulitsogolera, kugwiritsa ntchito mawu ndi thupi kuti wokhala kumbuyo kwenikweni kwa holo amve popanda chimkuzamawu, kukonza bwalo, zovala ndi magetsi. Amawerenga masewero a Wole Soyinka wa ku Nigeria, Athol Fugard wa ku South Africa ndi Steve Chimombo wa konkuno, n'kulemba mayeso ngati wina aliyense. Wa nyimbo amaphunzira kuwerenga ndi kulemba manotsi, kuphunzitsa kwaya, kuimba piyano kapena gitala, komanso kufufuza zoimbira zathu monga bangwe, kaligo, mangolongondo ndi ng'oma. Ndi ntchito ya thukuta, ndipo masiku oyandikira chionetsero ophunzira amachezera kukonzekera pamene anzawo a maphunziro ena ali mtulo.

Gawo lomwe liyenera kukhudza mlimi wa ku Kasungu kwambiri ndi la zisudzo za chitukuko. Gulu la Chancellor College Travelling Theatre poyamba linkayendayenda m'sukulu za sekondale ndi masewero ambiri a m'Chingerezi. Mu 1981 ophunzira ndi aphunzitsi awo anapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba lomwe lachita malire ndi Kasungu, n'kukakhala pakati pa anthu. Sanatenge sewero lolembalemba kuchokera ku Zomba. Anayamba ndi kumvetsera zomwe zikuwasautsa eni mudzi, monga ukhondo ndi kusadziwa kulemba ndi kuwerenga, kenako n'kuumba masewero kuchokera pa zomwe anamvazo. Aphunzitsi awiri, Chris Kamlongera ndi David Kerr, ndi omwe mayina awo amamveka kwambiri pa ntchitoyi, ndipo onse awiri anadzalemba mabuku ofotokoza za luso limeneli.

M'zaka zotsatira njirayi inakhwimira m'midzi yozungulira Liwonde, pa ntchito ya zaumoyo. Sewero linkafika pamene pavuta, tinene kuti chitsime chaipitsidwa ndipo ana akutsekula m'mimba, wosewera n'kutembenukira kwa anthu kuwafunsa kuti achite chiyani. Amayi omwe pamsonkhano wa mfumu sakanatsegula pakamwa ankayankha, kutsutsa, ngakhale kulowa m'bwalo. Kumbukirani kuti inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero lililonse liyambe launikidwa ndi Censorship Board lisanaonetsedwe. Kupatsa anthu wamba mpata woyankhula pagulu m'masiku amenewo sichinali chinthu chaching'ono.

Lero mabungwe a zaumoyo, zaulimi ndi zachisankho akafuna kufikitsa uthenga kumudzi amathamangira njira yomweyi, ndipo amalipira odziwa kuichita. Apa ndiye pali yankho la funso la ntchito. Omaliza maphunzirowa amapezeka m'mawailesi ndi pa kanema, m'mabungwe, m'makalasi, m'makwaya a mipingo ndi m'masitudiyo. Kunena zoona, si onse amene amalemera, ndipo msika wa zisudzo za pa siteji m'Malawi ndi wochepa. Koma ngakhale digiri ya maphunziro ena masiku ano siyibwera ndi kalata ya ntchito m'thumba.

Ena anganene kuti luso n'lobadwa nalo. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa dziko lonse, ndipo chomwe anthu ankawakondera sichinali pepala la kusukulu. N'zoona. Komanso n'zoona kuti Du Chisiza Jr, yemwe anayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'kuonetsa Amalawi kuti munthu angathe kudya za zisudzo, anali atakaphunzira lusoli ku America. Sukulu siyipatsa munthu mphatso, koma imamuphunzitsa kuisamala, kuilemba kuti isafe naye, ndi kudziwa ufulu wake ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za aluso lomwe linayamba mu 1992.

Zomba si khomo lokhalo. Ku Thyolo, Malawi University of Science and Technology, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2014, ili ndi Bingu School of Culture and Heritage komwe kuli digiri ya African Musicology, yozama pa nyimbo ndi magule a mu Africa. Kwa mwana wa ku Chisemphere zimenezi si zachilendo. Dera lake lili pomwe Chichewa ndi Chitumbuka zimakumanirana, ndipo Gule Wamkulu ndi Vimbuza, magule awiri omwe UNESCO inawalemekeza mu 2005, onse amamveka m'zigawo zoyandikana naye. Zomwe ena amakaziwerenga m'mabuku, iye anakula akuzimva usiku ng'oma zikalira kutsidya kwa dambo. Amene sanafike pa mlingo wa yunivesite angayesenso Music Crossroads Academy ku Area 23 mumzinda wa Lilongwe.

Chopinga chachikulu chili kusekondale. Kupulayimale kuli phunziro la Expressive Arts, koma mwana akalowa sekondale yoyendera, nyimbo ndi zisudzo kawirikawiri zimatsalira ku kalabu ya masana, ngati pali mphunzitsi wodzipereka. Mpikisano wa zisudzo wa ATEM, womwe unayamba mu 1969, unasula aluso ambiri, koma sukulu yopanda ndalama ya galimoto singafike nawo kutali. N'zomvetsa chisoni kuti mtsikana yemwe amatsogolera chimtali mudzi wonse n'kuimirira, kapena mnyamata yemwe amaphunzitsa kwaya ya mpingo mawu anayi ndi khutu lokha, amamaliza Folomu 4 osamvapo kuti zimenezi zili ndi digiri. Aphunzitsi olangiza ana za ntchito ali ndi ngongole pamenepa.

Ndipo mphatso payokha siyitsegula chipata. Kuti munthu asankhidwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 pa mayeso a MSCE, kuphatikizapo Chingerezi, ndipo mafomu amadzera ku National Council for Higher Education, komwe wophunzira amasankha yekha mapulogalamu omwe akufuna. Woimba bwino amene wagwa Chingerezi sapita. Amene wasankhidwa koma kwawo fodya sanayende bwino angapemphe ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, yomwe amadzabweza akamaliza maphunziro.