Fuwa laling'ono la kumapeto kwa msana

Mphika umakhazikika pa mafuwa atatu, ndipo munthu akakhala pansi thupi lake limakhazikikanso pa mafupa atatu. Awiri ndi aja olimba amene mumawamva mukapisa manja kunsi kwa matako muli chikhalire, lina kumanja lina kumanzere. Lachitatu lili kumbuyo, pakatikati, pamene msana wathera. Ndi kafupa kosongoka, kokhotera mkati pang'ono, kamene achipatala amakatcha coccyx. Kwenikweni ndi timafupa titatu mpaka tisanu tolumikizana, ndipo anthu ambiri ali nato tinayi.

Mayi wodziwa kuphika amasankha mafuwa ofanana msinkhu. Athuwa safanana. Awiri aja ndi akuluakulu, otha kusenza katundu. Lakumbuyoli ndi laling'ono, ntchito yake ndi kungochirikiza kuti munthu asagwe chagada. Mukakhala chowongoka, kapena choweramira kutsogolo pang'ono, kulemera kwa thupi kumagwera pa awiri aakuluwo. Mukatsetsereka pampando n'kutsamira kumbuyo, mphika wonse wapendekera pa fuwa laling'ono. Kwa mphindi zochepa palibe vuto. Koma zikakhala za maola ambiri, tsiku ndi tsiku, pamalo olimba, tinyama ndi mitsempha yozungulira kafupako imatupa, ndipo ululu umayamba.

Ku chigwa cha Shire malo olimba otere ndi osasowa. Taonani wokwera kabaza kuchokera pa Nchalo kulowera kumidzi: wakhala pa kaliyala yachitsulo yokhala ndi kasiponji kopyapyala, miyendo ili lendelende, ndipo njinga ikagwa m'dzenje, kugunda konse kumathera pa kafupa kameneka. Wopalasayo naye ali pa chishalo chopapatiza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Palinso okwera ngolo, okhala pa thabwa la bwato powoloka Shire, oyendetsa mathirakitala m'minda ya nzimbe, amayi ogulitsa pamsika wa Ngabu kapena Bangula atakhalira njerwa tsiku lonse. Ulendo wa minibasi kuchokera ku Nsanje kukafika ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 170, ndipo amene wapatsidwa mpando wothina amakhala chotsamira, mawondo ali m'mwamba, mpaka kukwera mapiri a pa Thabwa. Msewu wa ku East Bank, wopita ku Muona ndi Fatima, ndiye wosachita kunena.

Komabe chimene chimavulaza kafupaka kawirikawiri ndi kugwa chokhala. Dothi la makande likanyowa limaterera zedi, simenti ya pamjigo nayo imachita ndere. Mayi ali ndi ndowa pamutu, phazi laterereka, wafikira matako pansi kuti phi! Amadzuka msanga chifukwa cha manyazi, n'kudzisasa, n'kunena kuti palibe kanthu. Pakapita masiku awiri akulephera kukhala pa mkeka. Nthawi zambiri kafupako kamakhala kangovulala pang'ono, koma nthawi zina kamaguluka pamalo pake kapena kuthyoka kumene.

Amayi amadwala nthendayi kuposa abambo, pafupifupi kasanu. Chifukwa chimodzi chachikulu ndi uchembere. Mimba ikamakula, mitsempha yogwira mafupa a m'chiuno imafewa pokonzekera njira ya mwana, ndipo pobereka mutu wa mwana umakankhira kafupaka kumbuyo. Mwana akakhala wamkulu kapena kubereka kukavuta, kamatha kuvulala. Ndiye mayi amayamwitsa atakhala chopendekera mbali imodzi, anthu n'kumati ndi ululu wamba wa pambuyo pochira. Kunenepa kwambiri kumawonjezera katundu, ndipo kuwonda mwadzidzidzi kumachotsa mnofu umene umateteza fupalo.

Ululu wake uli ndi chizindikiro. Umakhala pamalo amodzi, oti munthu atha kuloza ndi chala, pamwamba pang'ono pa njira ya chimbudzi. Umakula akakhala, umabaya kwambiri panthawi imene akudzuka, ndipo umachepa akamayenda kapena akagona chammbali. Ambiri amaumvanso pochita chimbudzi, chifukwa minofu ya pansi pa chiuno, imene imagwira matumbo ndi chikhodzodzo, inamangirira pa kafupa komweka. Apa kutentha kwa kuchigwa kumalowererapo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupyola madigiri 40, thukuta limamaliza madzi m'thupi, chimbudzi chimauma, ndipo munthu akamadzikakamiza amakoka malo opwetekawo. Kumwa madzi ambiri, kudya mgaiwa, nyemba, masamba ndi mapapaya ndi gawo la mankhwala, ngakhale sizioneka ngati mankhwala.

Minofu yomweyi ndi imene imagwira ntchito mwamuna ndi mkazi akakhala malo amodzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amavutika mwakachetechete. Mkazi akagona chagada pa mphasa yoyala pansi polimba, kulemera kwa mwamuna kuli pamwamba, kafupa kopwetekako kamapanikizika pakati pa thupi ndi nthaka. Nthawi zambiri kugonanako sikumene kwayambitsa nthenda. Kumangodzutsa bala limene linalipo kale, la kugwa kapena la kubereka, ngakhale nthawi zina kungathe kupweteka malowo pakokha. Chimene chimandimvetsa chisoni ndi chakuti mkazi akayamba kuzemba, osanena chifukwa, mwamuna amaganiza kuti pali wina, nkhani n'kufika kwa ankhoswe pamene vuto ndi kafupa kosaposa chala. Mawu oti "bambo, pakundiwawa apa, tiyeni tisinthe kagonedwe" ndi olemera kuwatchula, koma amapulumutsa zambiri. Kugona chammbali, kapena kuti wodwalayo akhale pamwamba, kumachotsa katundu pamalopo. Ululu ukakhala waukulu, kudikira milungu ingapo si kukanizana. Abambo nawo amatha kumva ululuwu, ndipo iwo ndiye amabisa kwambiri.

Tisiyanitse bwino. Ululu wa kafupaka pawokha si chizindikiro cha matenda opatsirana pogonana. Koma ngati ululu uli mkati mwa njira ya abambo, kapena kumaliseche kukutuluka zachilendo kapena magazi, imeneyo ndi nkhani ina. Atha kukhala matenda opatsirana, kapenanso likodzo, limene ndi lofala kwa anthu osamba ndi kuchapa m'ngalande ndi m'madambo monga a Elephant Marsh, ndipo kwa amayi limafika mpaka m'ziwalo zoberekera. Zimenezi n'zofunika kupimitsa.

Chithandizo chachikulu ndi kubwezera mphika pa mafuwa aakulu. Khalani choweramira kutsogolo pang'ono, mapazi atafika pansi. Dzukani pafupipafupi, ngakhale kungoimirira mphindi imodzi. Tengani chitenje chakale kapena bulangete, mupinde ngati nkhata yaikulu koma musiye mpata kumbuyo, kuti ntchafu ndi matako zikhale pansalu pamene kafupako kali m'malere. Siponji yokhuthala yodula kampata kumbuyo imachita chimodzimodzi, ndipo wakabaza atha kuimangirira pa kaliyala. Kuthowa ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15 kapena 20 kumafewetsa minofu. Panado amathandiza. Bulufeni amachepetsanso kutupa, koma woyembekezera, wa zilonda za m'mimba kapena wa vuto la impso asamwe asanafunse kuchipatala. Kutema mphini sindikukulimbikitsa konse: malowa ali pafupi ndi njira ya chimbudzi, ndipo bala la pamenepo silichedwa kulowa tizilombo.

Ambiri amachira ndi zimenezi, koma pang'onopang'ono, milungu ingapo kapena miyezi, chifukwa palibe amene angaleke kukhala pansi kuti fupa lipume. Ululu ukapitirira osasintha, pitani kuchipatala cha boma cha Chikwawa kapena Nsanje, ku St Montfort pa Nchalo kapena ku Trinity ku Fatima, ndipo mukaloze malo enieniwo, osangoti "msana", chifukwa mukatero adzakupimani msana. Kumeneko atha kukujambulani, kukutumizani kwa a mafizo, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre ngati pakufunika jakisoni wa pamalo pomwepo. Opaleshoni yochotsa kafupako ilipo, koma ndi ya anthu ochepa amene zina zonse zakanika.

Pali zina zosafunika kudikira. Chotupa chotuluka mafinya pamalopo, kutentha thupi, ululu wosalekeza ngakhale usiku mutagona, kapena kuwonda popanda chifukwa zitha kusonyeza chithupsa chakuya, TB ya m'mafupa kapena chotupa china. Ndipo ngati pakati pa miyendo pachita dzanzi, miyendo yafooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikutuluka zokha, vuto lili m'mitsempha ya msana, ndipo munthuyo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.